Goloboyi wa basiketi

Ndinali ndisanaonerepo mpira wa basiketi pamene ndinadzudzula timu ya ku Beira chifukwa chotaya wosewera. Ndinkangofuna kusangalatsa a Zakariya, achimwene ake a Rozita, mtsikana amene ndinkamufunsira.

Tinali pa baraka, kamalo komwera zakumwa ku Ulongwe, iwo ndi anzawo akudandaula kuti ligi isanayambe, akuluakulu a timu agulitsa wosewera wamtali n'kugula anyamata awiri osadziwika. Ine ndinapukusa mutu kuposa onse.

“Inu mukanagula ndani, alamu?” anafunsa a Zakariya.

Mawu akuti alamuwo anandikoma, ndiye ndinayankha mokweza. “Choyamba, goloboyi wabwino.”

Onse anangoyang'anana. Sindinkadziwa kuti basiketi ilibe goloboyi. M'malo mokhala chete, ndinawonjezera kuti amene alipoyo ndi waulesi, ndakhala ndikumuona.

A Zakariya anandisunthira mbale ya chipisi. “Idyani, alamu. Ameneyo timuchotsadi.”

Ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti ukwati wathera pomwepo. Koma Rozita ndinamukwatira, ndipo tili ndi mwana woyamba m'pamene anandiuza zimene achimwene ake ananena tsiku lomwelo: “Mulole ameneyo. Munthu wosatha kunama chonchi sangakunyenge.”