Manda a Meya Tinakwirira Tokha

Ndinadzuka kusanache, msana ukuwawa chifukwa ndinagona pansi pabalaza, pafupi ndi bokosi. Abale a ku Ireland anali atachezera kupemphera korona ndi kumwa tiyi, ife Amalawi tikuimba za pasiwa chapansipansi kuopa aneba. M'galaja amayi a kutchalitchi kwathu anali atayatsa kale mbaula za gasi, mpunga ndi nkhuku zili pamoto.

Omwalirawo anali apongozi anga, bambo a amuna anga. Anachoka ku Ireland ali mnyamata kudzaphunzitsa ku Nechells, dera lina la mzinda umene tikukhala uno. Makolo a ana asukulu ndiwo anawakankhira m'ndale: anayamba ukhansala, nakhala meya, kenako phungu wa nyumba ya malamulo ku London. Ine ndinakwatiwa pakhomopo iwo atapuma kale. Ndinkangodziwa nkhalamba ya masilipasi imene ndinkaitsuka zilonda za shuga ndikaweruka kuchipatala.

Chondidya mumtima chinali chimodzi. Amuna anga anandiuza kuti kuno wansembe akamaliza pemphero anthu amabalalika dzenje lili yasa, makina n'kudzakwirira pambuyo. Kwathu ku Ntcheu kumeneko n'kutaya munthu, osati kuika. Ndinadandaula, koma pa maliro a munthu wotere ndani angamvere mtengwa?

Kunacha ndi mvula yowaza ndi mphepo yobaya m'mafupa. Titatuluka m'nyumba ku Kings Heath ndinangoti kakasi. Msewu waukulu unali utadzaza mbali zonse. Eni masitolo anaima pazitseko atavula zipewa. Panali mashehe, amuna a nduwira, oyendetsa mabasi ali m'yunifolomu, azungu ndi akuda onse osakanikirana. Amuna a imvi ankalira poyera, n'kumangoti “aphunzitsi athu”. Pa sukulu yawo yakale ana anandanda kumpanda ali duu, ndipo ku nyumba ya khonsolo mbendera inali itatsitsidwa. Ndinagwidwa mantha. Munthu amene mzinda wonse unamuimirira ndi yemweyo ine ndinkamulanda mabisiketi.

Kumanda wansembe anamaliza, aliyense anaponya kadothi, akuluakulu n'kuyamba kulowera kumagalimoto. Ndinasuzumira m'dzenjemo ndipo ndinaona mvula ikugwera pabokosi. Ndinakhala pansi pa udzu wonyowa n'kuyambitsa nyimbo.

“Asisi, ma car akudikira, tichedwa ku reception,” anandinong'oneza mnzanga wina wa kuntchito.

“Apite. Ine abambo sindiwasiya pamvula.”

Anandiyang'ana, nayala chitenje chake n'kukhala. Enanso anakhala, nyimbo n'kukwera.

Apongozi aakazi anali atafika kale pagalimoto, koma anabwerera ndi ndodo yawo kudzafunsa chimene chavuta. Amuna anga atawafotokozera, mayiwo anati kumudzi kwawo ku Ireland nakonso aneba sachoka manda asanakwiriridwe, ndipo anaiwala chabe chifukwa chokhalitsa m'tauni. Anapempha okha mafosholo kwa ogwira ntchito pamandapo.

Woyamba anali bambo wina wonenepa amene anaphunzitsidwa ndi malemuwo. Atatopa, meya wa nthawiyo anavula tcheni chake chagolide, anapatsa dalaivala, natenga fosholo. Aphungu ochokera ku London anatsika m'magalimoto n'kuima pamzere, nsapato zonyezimira zikumira m'matope. Kunkangomveka dothi ndi mawu athu, mpaka mtumbira unakwera. Zotere sindinazionepo.

Madzulo alendo anatha, mbaula zinazima, nyumba inangoti zii. Ndinawapeza apongozi ali okha kukhitchini, akuyang'ana mvula pazenera. Ndinayamba kupepesa kuti ndinasokoneza mwambo wa anthu akuluakulu. Iwo anandigwira dzanja osatembenuka.

“Ileke igwe, mwana wanga,” anatero. “Mnzanga wafunda.”