Chala cha kumanzere

Amalume anga ankadziwika ndi dzina loti a Tititi. Ntchito yawo inali yokonza mafiriji, koma mtima wawo unali m'kachipinda ka kuseri, momwe anaikamo wailesi yolankhulirana ndi anthu akutali. Anaigula yakufa n'kuidzutsa okha. Eriyo yake anaikoka kuchokera padenga mpaka mu mtengo wa aneba, atawanyengerera mwezi wathunthu.

Kulankhula pa maikolofoni sikunawakomere. Ankati pakamwa aliyense ali napo. Chomwe chinawagwira ndi Mosi, kalankhulidwe kogogoda kachitsulo, pomwe kulira kwakufupi ndi kwakutali kumapanga zilembo. Anayamba kuphunzira imvi zitamera kale, mutu ukukana. Ankagogoda ndi supuni patebulo, ndi sipanala pa firiji ya kasitomala, ngakhale ndi chala pabondo ali m'basi. Dzina lija linabadwira pamenepo.

Akazi awo, omwe ife tinkangoti anti, ankasoka mayunifolomu a sukulu pakhonde. Tsiku lina atawapititsira tiyi, anaima pakhomo la kachipindako.

"Abambo, tandiphunzitsaniko nanenso, ndizimva zomwe mumaseka nokhanokhazo."

"Mayi, izi n'zovuta. Tiona Loweruka."

Loweruka lake wailesi inkagwira bwino, akutali akumveka ngati ali pakhonde pomwepo, ndipo amalume anaiwala. Anti anakumbutsa kangapo, kenako anangosiya.

Patapita zaka, sitiroko inawapeza anti ali pamakina. Anatuluka m'chipatala mbali ya kumanja itafa, mawu osatuluka. Nzeru zinali bwinobwino, maso ankatsatira aliyense wolowa. Cholembera chinkagwa m'dzanja lamanzere, koma chala chimodzi chinkagwedezeka.

Amalume anamasula kachitsulo kogogodera Mosi kaja n'kukaika pabedi.

"A ndi kufupi kenako kutali, mayi. Tayesani."

Anti anayesadi. Anafika pogogoda "ayi" ndi "madzi", ndipo tsiku lomwe anakhoza "madzi" amalume anathamanga ndi kapu mpaka kutayira pabulangete. Koma thupi linali lotopa. Zomwe agwira lero, mawa zathawa.

Masana ena, ine ndili pomwepo, anti anagogoda nthawi yaitali, maso ali pa amuna awo. Zilembo zinkagundana, zina zoduka pakati. Amalume, omwe ankatha kumva mlendo wa kutsidya kwa nyanja mkati mwa phokoso, sanatolepo kanthu.

"Tabwerezani pang'onopang'ono, mayi."

Anti anachotsa chala pa kachitsulo n'kutembenuzira nkhope kukhoma. Sanagogodenso. Anamwalira patapita milungu yochepa.

Anzawo a pawailesi anatumiza mawu opepesa kuchokera kumaiko omwe amalume sanapondeko. Anawayankha onse, mmodzimmodzi. Mpaka lero amalowabe m'kachipindako, koma nthawi zambiri amangomvetsera ena akucheza.

Mwezi watha ndinawapeza pabwalo akupala dzimbiri pa chitseko cha firiji yakale. Tinacheza za ana ndi za bondo lawo lomwe likuvuta. Kenako, osadzutsa mutu, anandifunsa.

"Iwe unalipo tsiku lija anti ako anagogoda ine osamva. Ukuganiza kuti ankandikalipira?"

Ndinati sindikudziwa, amalume.

"Mwina ankangofuna ndiwatembenuze. Msana unkawapweteka masiku amenewo."

Anapukuta manja ndi kansanza, n'kundiuza kuti ndigwire mbali inayo tiilowetse, kukubwera mvula.