Mapiritsi a Tsidya Lina

Masiku amenewo munthu wogwira cholembera akakufunsa kanthu, yankho labwino linali lakuti ayi. Tidaphunzira zimenezi kwa anyamata ofunsa makadi a chipani pamsika. Ife a ku Marka tidachita kuziloweza, poti bambo anga adabadwira ku Mozambiki ndipo ankawolokabe mozemba kukagula mapiritsi a mtima kwa msuweni wawo.

Phudzi litawakulira mpaka kulephera kugwira khasu, ndidawaperekeza kuchipatala cha kuboma kuti akawachite opaleshoni. Mmawa wa tsikulo kudabwera dokotala wogonetsa odwala, wamtali, wolankhula Chichewa cha kumtunda. Ndidamuda ndisanamve n'komwe mawu ake. Nsapato zake zinali zowala kwambiri, ngati za wapolisi.

Adagwira bambo pamkono, maso ali pa wotchi, kwa nthawi yaitali.

"Mtima wanu ukuyenda mwaulesi, bambo. Jakisoni wopha ululu amene ndikubayeni amaufooketsanso. Pali mankhwala amene mumamwa?"

Bambo adandiyang'ana. Mapiritsiwo anali m'thumba langa, m'kabotolo kolembedwa Chipwitikizi. Ndidaona kale m'maganizo mafunso otsatira: mudawagula kuti, mudawoloka liti, mudakumana ndi yani?

"Nkhabe," adakana bambo m'Chisena.

"Samwa chilichonse," ndidawonjezera ine, wophunzira wa m'banjamo.

Dokotala adafunsanso kachiwiri, mofatsa. Kufatsako ndiye kudandikayikitsa zedi. Ndidati mumtima, msampha umatcheredwa chonchi.

Ndidadikira pakhonde, thukuta lili kamukamu. Dzuwa litafika paliwombo ndidaona anamwino akuthamanga, wina atanyamula botolo la madzi a m'mitsempha. Kenaka kudangoti zii.

Dokotala uja adatuluka yekha n'kukhala pambali panga. Adati mtima wa bambo udayamba kugunda motalikirana jakisoni atangolowa, ndipo adalimbana nawo mpaka udaleka kugunda.

"Sindikumvetsa," adatero. "Mlingo unali wa masiku onse. Ndikadadziwa chifukwa china, ndikadasintha mankhwala."

Sadalembe kanthu.

Pamaliro anthu ankanong'onezana kuti a boma abaya munthu wa tsidya lina jakisoni wakupha. Mayi adakhulupirira zimenezo mpaka tsiku lawo lomwalira, ndipo ankatukwana munthu amene sadamuonepo. Ine ndinkakhala pomwepo, n'kumavomera ndi mutu. Ndikuchita nazo manyazi mpaka lero.