Tsamba Lasiliva Silifota

M'sitolo ya penti ya pafupi ndi pokwerera mabasi, munthu akabwera ndi kachidutswa ka nsalu n'kunena kuti, "Ndikufuna mtundu womwewu," ogulitsa a pakauntala sankavutika n'kumuyankha. Ankangoloza kuseri. Kuseriko kunali a Chidiso, pakati pa zitini, ndi timitengo tawo tovundulira.

Dzinalo anawapatsa ndi malemu mwini sitolo, ataona kuti wantchito amene anamulemba kuti azisesa ankatha kungosuzumira m'chitini n'kunena kuti umu mwaperewera dontho lachikasu. Tsache analisiyira pomwepo. Anakwatira ali m'sitolomo, ana anakula n'kubalalika ali m'sitolomo, imvi nazo zinawapeza momwemo. Munda analibe, luso lina analibe. Chuma chawo chonse chinali maso awiriwo, ndipo iwo ankadziwa zimenezo. Lamulo lawo linali limodzi: mtundu suweruzidwa pansi pa babu, chifukwa babu ndi wabodza. Ankapaka penti pakathabwa, n'kutuluka nako pakhomo, padzuwa, n'kukatembenuza uku ndi uku asananene kuti zatheka.

Za makobidi asiliva zinayamba ndi mayi wina amene ankafuna chipinda chake chikhale chobiriwira "ngati tsamba ili". Anatulutsa m'chikwama khobidi lasiliva lotsekeredwa m'kachikombole koonekera m'kati. Pakhobidipo panali tsamba la nsonga zisanu ngati dzanja la munthu, lopakidwa utoto wobiriwira moti mitsempha yake yonse inkaoneka. Sinali ndalama yogulira ngakhale machesi. Amazipanga za chikumbutso, chaka ndi chaka, chaka chilichonse tsamba la mtengo wina. A Chidiso anaupeza mtunduwo ndendende, ndipo mayiyo, pokondwa, anawasiyira khobidilo.

Matenda anayambira pamenepo. Anapeza wogulitsa wina wakutali amene ankatumiza makobidi otero papositi, ndipo chaka chilichonse likatuluka latsopano, a Chidiso ankalolera kuyenda ndi nsapato yobooka bola tsamba lifike. Mowa sankamwa, mpira analibe nawo ntchito. Lamlungu masana ankakokera tebulo pawindo la chipinda chochezera, n'kuvala magolovesi oyera, n'kutulutsa m'kabati thireyi yoyalidwa nsalu yofewa. Panali tsamba lozungulira ngati mtima, lina lamanomano ngati sowo, lina longa chikupizo, lina lofiira la nyengo yoyoyoka masamba. Ankawayang'ana limodzilimodzi mpaka tiyi kuzizira.

"Amuna ena amachita mitala ndi anthu," akazi awo ankauza anzawo. "Anga anandibweretsera mkazi mnzanga wa m'kabati. Koma ubwino wake sadya, sayankhula."

Zimenezi zinkaseketsa kale. Chakudza sichiimba ng'oma, abale.

Lamlungu lina a Chidiso anakhala nthawi yaitali atagwira khobidi loyamba lija. Tsambalo linkaoneka lotopa. Kubiriwira kwake kunali ngati kwa ndiwo zamasamba zimene zakhalitsa pamsika. Anapukuta kachikombole, anapukutanso windo. Lamlungu lotsatira, la mtima lija nalo linali litayamba chikasu m'mphepete. Siliva amene kale ankathwanima ngati madzi anali ngati wasambira m'tiyi.

Masiku omwewo, kusitolo kunafika chibokosi chachikulu. Anachiitanitsa ndi bwana wamng'ono, mwana wa malemu uja, amene a Chidiso anamunyamulapo ali khanda. M'chibokosimo munali makina osakaniza penti okha, ongodina mabatani. Bwanayo sanachitsegule. Anachiika kuseri, pafupi ndi benchi ya a Chidiso, chikadali chomangidwa ndi malamba ake.

"Musadandaule nacho, madala," anatero. "Bola diso lanu lilipo, chimenechi chizingogona."

Ankanena mwaulemu ndithu, koma a Chidiso anamva bwino pamene panali mawu akuti bola. Tsiku lililonse ankachilambalala chibokosicho ngati galu wa eni wogona panjira.

Kenaka zitini zinayamba kubwerera. Wopaka nyumba wina anabweza chake akuti chapita kubuluu. Mayi wina anati anapempha mtundu wa mkaka, koma khoma lake latuluka ngati thambo. A Chidiso anatuluka ndi kathabwa padzuwa, nakatembenuza, ndipo kwa iwo mtunduwo unali womwewo, wopanda banga. Anati anthu a masiku ano sadziwa chimene akufuna. Bwana wamng'ono sanatsutse. Anangolandira chitinicho, maso ake n'kudutsa pachibokosi paja.

Panali chinthu chimodzi chimene a Chidiso sankafuna kuchiganiza, ndipo n'chomwecho chimene chinkawayendera m'mutu. Bambo awo anamwalira atakhala zaka pampando wa pakhonde, maso atayera ndi ng'ala, akumafunsa aliyense wodutsa kuti, "Ndani ameneyo?" Koma asanafike poyera maso, ankadandaula kuti akazi awo sakuchapa bwino malaya, onse akutuluka achikasu. A Chidiso ankazikumbukira bwino zimenezi. Ankachita mantha, mantha enieni, ndipo munthu wamantha amafuna woti amuloze chala.

Anamupeza m'nyumba momwemo.

"Mayi, mwakhala mukutsegula kabati iyi?"

Akazi awo anali akupinda zovala. "Ine ndi kabati yanu tinayambana liti?"

"Masamba anga akufota. Zinthu izi sizifuna chala cha munthu, sizifuna nthunzi, sizifuna utsi wa mafuta anu okazingira aja. Wina wake akutsegula zikombolezi."

Mayiwo anabwera pawindo, nawerama pathireyi. Anayang'ana makobidiwo, kenaka anayang'ana amuna awo kumaso nthawi yaitali kuposa mmene anayang'anira makobidi.

"Mwina ndi utsi," anatero motsitsa mawu. "Ndiziphikira kunja."

Ndipo anayambadi kuphikira kuseri kwa nyumba, pamphepo, mayi wa mawondo owawa. A Chidiso anagula loko, kiyi n'kumayenda naye m'thumba la malaya. Anamata mipata ya kabati ndi tepi. Analetsa kukolopa m'chipindamo, analetsa ndi kuyanika zovala pafupi ndi windo. Zoona munthu wamkulu ndi imvi zake kumanunkhiza zala za mkazi wake ngati zili ndi polishi? Anachita zimenezo, ndipo mayiwo anangotambasula manja. Nthabwala ya mkazi mnzanga ija inatha. Koma masamba anapitirirabe kufota, onse pamodzi, ngakhale amene anali pansi penipeni pa kabati.

"Ndiye kuti munawononga kale," a Chidiso anatero. "Zikungoonekera pano."

"Mwina," anayankha mayiwo.

Chiyembekezo chawo chinatsalira pa khobidi la chaka chimenecho, lomwe linali m'njira. Limenelo silinaloweko m'nyumba mwawo, silinanunkhizeko utsi wa munthu. Ankati likafika aliika pambali pa enawo, mayiwo adzionere okha kusiyana kwake.

Uthenga wa kupositi utafika, anapita pa nthawi yopuma masana. Potuluka m'sitolo anaona kuti malamba a chibokosi chija adulidwa. Chinali chisanatsegulidwe, koma malambawo anali pansi. Bwana wamng'ono anati Lolemba kubwera anthu a hotela ina ndi nsalu ya makatani awo, akufuna penti yambiri yofanana nayo, ndipo ntchito imeneyo siyofunika kubwereza. "Mudzaiona bwino, eti madala?" Iwo anati adzaiona.

Kaphukusiko sanadikire kukatsegulira kunyumba. Anaima pamasitepe a positi, dzuwa lili paliwombo, kuwala kumene iwo eni ankati sikunama. Anang'amba pepala, natsegula kabokosi. Kachikombole kanali komata, chidindo cha opanga chili chosakhudzidwa.

Tsambalo linali lofota. Linali lachikasu chodera, ngati enawo.

Anthu ankawadutsa, wina mpaka anawagunda phewa, koma a Chidiso sanasunthe. Anatseka diso lamanja, n'kuyang'ana ndi lamanzere. Anasinthanitsa. Kenaka anakweza mutu kuyang'ana mitengo ya m'mbali mwa msewu, nthawi ya mvula imeneyo, ndipo nayo inali ngati yawauka. Anakhala pansi pamasitepe pomwepo, khobidi lili m'manja.

Kuntchito sanabwerere. Anawapeza akazi awo kuseri kwa nyumba, atakhala pakampando, akukupiza moto ndi chivundikiro cha poto. Anawapatsa kabokosiko.

"Mayi, tsamba ili ndi la mtundu wanji? Musandinamize."

Mayiwo anapukuta manja pazovala asanalandire. "Ndi lobiriwira, bambo. Ngati msipu wongophuka."

"Nanga a m'kabati aja?"

"Onse ali mmene anabwerera. Palibe limene lafota."

"Munadziwa liti?"

"Muja munandipakira chitseko cha kukhitchini. Ndinapempha cha mtundu wa mkaka. Chitseko chija n'chabuluu, bambo. Anzanga amandifunsa, ndimati ndinasankha ndekha."

"Ndiye munavomereranji za utsi? Ndakutulutsani m'nyumba yanu, ndakununkhizani zala ngati wakuba."

"Ndinaona kuti mukamandikwiyira ine mumadya, mumapita kuntchito mutawongoka," anatero mayiwo. "Ndinkaopa tsiku limene mudzasowe womukwiyira. Komatu ndalakwa, nthawi yapita. Madokotala amachotsa ng'ala masiku ano, si ngati nthawi ya apongozi."

"Pofika Lolemba?"

Mayiwo anawabwezera kabokosiko, nadzuka pakampando.

Analowa m'nyumba onse awiri. A Chidiso anatulutsa kiyi m'thumba la malaya, natsegula kabati, nakokera tebulo pawindo ngakhale silinali Lamlungu. Magolovesi oyera aja, amene munthu wina aliyense sanawavalepo, anawapereka kwa akazi awo.

"Tandiuzani limodzilimodzi."

Mayiwo anavala mosazolowera, zala zikusochera. Ananyamula la nsonga zisanu, nati ili ndi lobiriwira kwambiri, mitsempha yake yoyererako. Ananyamula la mtima, nati ili ndi lobiriwira mopepuka. A Chidiso ankagwedeza mutu, akuyang'anitsitsa tsamba lililonse, ndipo lililonse linali lofota. Anafika pa latsopano lija, mayiwo n'kuliika pamalo pake.

"Lolemba ndipite nanu?" anafunsa. "Ndidzaima pakhomo, ndizikunong'onezani."

A Chidiso anapukusa mutu. "Kuseri kuja salowetsa alendo," anatero. "Komanso malamba a chibokosi chija adula kale."