Ogula Kapena Ogulidwa

Dzina la banja lathu sindilemba pano, koma dziwani kuti lili ndi "gula" pakati pake. Ndinakula nalo ngati mmene munthu amakulira ndi chipsera cha pabondo, osafunsa kuti chinabwera bwanji. Linalembedwa ndi penti yobiriwira pamwamba pa chitseko cha kasitolo ka bambo anga ku Nyampande, momwe ankagulitsa mchere, machesi, parafini, ndi sopo akapezeka. Masiku amenewo chipani chinali chimodzi, ndipo sopo ankapezeka mwa apo ndi apo.

Chaka chimene ndinakwanitsa zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, bambo anatsutsana ndi tcheyamani wa chipani wa m'dera lathu pamsonkhano wogawa feteleza. Iwo anangofunsa chifukwa chake akazi amasiye ankalembedwa kumapeto chaka ndi chaka. M'malo moyankha, tcheyamaniyo anatola chimene chinali pafupi.

"Mwana wa ogulidwa angatiuze chani ise?" anatero akuloza kusitolo kwathu. "Dzina lanu likamba lokha. Agogo anu anabwela kuno na chingwe m'khosi."

Anthu anaseka. Ena anaseka chifukwa cha mantha, ena zinawakomeradi. Ine ndinali chapompo ndi ndowa pamutu, ndipo ndinaona bambo anga, munthu amene sankagonja pa mkangano ngakhale wa mtengo wa singano, akuvula chipewa, kuchiyang'ana mkati, n'kuchivalanso. Mtima unandiwawa kwambiri, ndipo ndinakwiya, koma sindinkadziwa kuti ndikwiyire ndani.

Vuto linali loti bambo sankadziwa ngati zinali zabodza. Atate awo anamwalira iwo akukwawa, ndipo monga mwa mwambo wathu wa Ansenga, analeredwa kuchikazi, kwa amalume awo. Za kuchimuna anatengako dzina lokha basi.

Patapita masiku awiri anabwera kuchokera ku Petauke ndi kachitini ka penti yoyera, n'kukaika pansi pa kauntala. Kenako anandiitana. Lolemba lotsatira ndinayenera kupita kuboma kukatenga chitupa cha dziko, chimene tonse tinkati reji.

"Pa leji yako uzalembetsa dzina langa la ubatizo," anatero. "Azing'ono ako nawo chimodzimodzi. Ili lapachitseko nizafuta pa Sondo tikachoka kuchalichi. Lithele pa ine."

Ndinakana. Ndinali wamakani kuyambira kale, ndipo amayi ankati ndinabadwa ndikutsutsa azamba. Ndinati dzina limene ndalemba pa makope anga onse kuyambira giredi wani silingafutidwe chifukwa cha munthu amene wasowa yankho la feteleza. Bambo anandiyang'ana motopa n'kunena kuti ndikadzakula ndidzawathokoza. Lachisanu m'mawa amayi anandimangira ndalama ya basi pa ngodya ya chitenje, n'kundinong'oneza kuti ndipite ku Nyimba kwa azakhali.

Azakhali amenewa anali mlongo wawo wa bambo, koma wa mayi wina, wamkulu kutalitali, ndipo iwo anakulira kuchimuna. Sanayambanepo ndi bambo ayi, unali ulesi wa pachibale chabe, uja woti tidzapita tikakolola. Ankagulitsa nthochi m'mbali mwa msewu waukulu wopita ku Lusaka. Ndinawapeza akukalipira mbuzi imene inkafuna kulawa malonda awo, ali ndi ndodo yakuda m'manja. Atandizindikira anandipatsa nthochi ziwiri, n'kundiuza kuti ndawonda ngati bambo anga.

Ndinafotokoza zonse. Pamene ndinafika pa chingwe m'khosi, azakhali anamenya ndodo ija pansi mpaka mbuzi inathawa yosathamangitsidwa.

"Afute dzina? Uja mwana wopusa! Safunsa anadya phula. Zaka zonsezi newo nili pano pamseu, basi imupitilila, osatsika kufunsa?"

Asanapitirize, basi inaima. Anandisiya pakamwa pali yasa, n'kuthamangira kumawindo ndi lichero pamutu. Mbiri ya banja lathu ndinaimva chomwecho, m'zidutswazidutswa, pakati pa basi ndi basi, dzuwa likuwotcha ndiponso ntchentche zikuzungulira makoko a nthochi.

Agogo awo a bambo anga, amene dzinali linayambira, anali munthu wamalonda. Ankayenda pansi kutsata Luangwa mpaka kumene amathira mu Zambezi, kukatenga nsalu, mikanda ndi mchere kwa Achikunda, n'kubwera kudzasinthitsa ndi makasu ndi fodya m'midzi ya kuno. Ulendo umodzi unkadya miyezi. Azakhali anandionetsa ndodo yothamangitsira mbuzi ija. Inali ya mphingo, yosalala chifukwa cha manja, ndipo inali ndi timizere tosema apa ndi apo.

"Uwu ni mkono wao," anatero. "Apa anali kupimila nsalu. Sanabelepo munthu olo chala chimodzi."

Ndinafunsa chifukwa chake chinthu chotere ankamenyera mbuzi. Anandiyankha kuti mwiniwake sankakonda chinthu chongokhala.

Chaka china, wamalondayo akubwerera ndi mtolo waukulu kuposa yonse imene ananyamulapo, anapeza mudzi uli zii. Anthu amfuti anali atadutsa n'kutenga atsikana, ndipo mmodzi mwa iwo anali mlongo wake wamng'ono. Sanamasule n'komwe mtolo. Anatembenuka n'kuwatsatira, mpaka anawapeza padooko akudikira mabwato. Mfuti analibe, koma malonda ankawadziwa. Anayala nsalu zonse pamchenga, iwo anati zachepa. Anawonjeza mikanda ndi mchere, iwo anati zachepabe. Ndiye anavula nsalu imene anavala m'chiuno n'kuiponya pamulu. Anthu amfutiwo anaseka mpaka misozi, ndipo m'kuseka momwemo anamasula mtsikanayo.

"Anabwela kumudzi atavala makungwa a mtengo," anatero azakhali. "Ku dzanja ili mkono wake, ku dzanja ili mlongo wake. Anthu anatuluka kukuwa ati, onani uyu wagula mlongo wake! Dzina n'lamene ilo. Lomba wewo niuze, ise ndise ogulidwa olo ogula?"

Ine ndinali kulira, ndipo basi ina inali itaima.

Atabwerako anamaliza nkhani. Wamalondayo anayambiranso ndi mchere wa m'chikhatho mpaka anadzukanso. Mwana wake, amene ndi agogo anga, ankakweza nsalu panjinga kukagulitsa kwa okumba golide ku Sasare, akupimira pa mkono womwewo. Bambo anga ndi mchere wawo ku Nyampande, azakhali ndi nthochi zawo ku Nyimba, onsewo ankangotsata phazi la munthu mmodzi, ngakhale bambo ankaganiza kuti sitolo inali nzeru zawozawo.

Kenako azakhali anagwira chitenje chimene anavala, chatsopano ndithu, cha maluwa achikasu.

"Ichi uganiza nagula? Ana a mlongo uja sanaiwale. Chaka chilichonse akakolola abweletsa nsalu kuno. Tikuti kuveka amalume, pakuti amalume anabwela osavala. Anayamba mlongo mwine, anasiyila mwana wake mkazi, nayenso anasiyila wake. Lomba amene abwela ni amai aja a ku Msanzala, otsimphina mwendo wa kumanzele. Mwana wao si ndiye tcheyamani kwanu kuja?"

Ndinaika nthochi pansi. Amayi otsimphinawo ndinkawadziwa bwino, ankabwera ku Nyampande kudzaona mwana wawo, ndipo ankandiyang'ana nthawi zonse ndi maso achifundo amene sindinkawamvetsa. Mwanayo zikuoneka kuti nayenso sanafunsepo kumene amayi ake ankapita ndi nsalu chaka ndi chaka.

Loweruka ndinakwera basi ya m'mawa, mkono uja uli pamiyendo panga. Azakhali anandibwereka kwa sabata imodzi yokha, ati mbuzi zikadziwa kuti palibe zidzawamaliza. Njira yonse ndinkakonza mawu. Ndinkadziona nditaima pamsonkhano wotsatira, anthu onse aja ali pompo, ndikumuuza tcheyamani kuti chingwe chinali m'khosi mwa ndani. Ndivomere, ndinkamva kukoma ngati ndadya uchi.

Bambo ndinawapeza pakhonde la sitolo. Anayamba kundikalipira chifukwa chochoka osatsanzika, koma ataona ndodo anasiyira panjira. Ndinawafotokozera zonse mwadongosolo, popanda mabasi ondidula. Anatenga mkonowo, n'kuyendetsa chala pa timizere tija kamodzi ndi kamodzi. Kenako anauyeza ndi dzanja lawo, kuchokera pachigongono mpaka kunsonga ya chala, ndipo mzere woyamba unathera ndendende pamene chala chawo chinathera. Anaseka, misozi ikutsika, osaipukuta. Ndinali ndisanawaonepo akulira.

Ndinaona kuti nthawi yakwana, ndiye ndinatulutsa nkhani ya amayi a ku Msanzala, n'kuwauza zimene ndinakonza kukanena pamsonkhano. Nkhope yawo inasintha.

"Iyo usakakambe, olo kwa munthu mmodzi," anatero. "Uja anagulidwa anali mlongo wa agogo anga. Ni magazi athu. Agogo anavula nsalu kuti iye asachite manyazi, ndiye iwe ufuna kukamuvulanso pa anthu?"

Ndinakhumudwa, ndisaname. Chida chakuthwa chotero, n'kuchibweza m'chimake! Ndinadandaula tsiku lonse, koma ndinamvera, ndipo mpaka tcheyamaniyo anamwalira sanamve kanthu kuchokera pakamwa panga. Ngati amayi ake anamuuza, sindikudziwa. Chimene ndikudziwa n'choti bambo kuyambira pamenepo ankamupatsa moni mokweza, akumwetulira ngati munthu amene ali ndi nyama m'thumba, ndipo pamsonkhano wotsatira anafunsanso funso lawo la akazi amasiye, mawu osanjenjemera.

Lamlungu titachoka kutchalitchi anatulutsa kachitini ka penti yoyera kaja n'kukwera pa mpando. Anthu odutsa anaima kuti aone dzina likufutidwa, chifukwa mbiri inali itamveka kale. Bambo anaviika burashi n'kuyamba kudutsa pa zilembo zobiriwira zija chimodzi ndi chimodzi, kuzinenepetsa, mpaka dzina linkawerengeka munthu ali kuchitsime. Penti inatsalako pang'ono, ndiye anajambula kandodo pansi pake. Kanapindika, ndipo ana ankati ndi njoka, koma iwo analibe nazo ntchito.

Lolemba anatseka sitolo, chinthu chimene sankachita ngakhale akudwala malungo, n'kundiperekeza ku Petauke atavala jekete la ukwati. Tinaima pamzere mpaka dzuwa linafika pamutu. Kalaliki amene tinamupeza anali mnyamata wochokera kumpoto, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba, ndipo maina a kuno ankamuvuta. Anandifunsa dzina langa loyamba, ndinamuuza. Anafunsa la bambo, ndipo ndisanatsegule pakamwa bambo anali atawerama kale pa tebulo. Analitchula mokweza mpaka a kumapeto kwa mzere anatembenuka, kenako analitchulanso chilembo ndi chilembo, akugogoda ndi mkono uja pansi.

Kalalikiyo analemba, n'kuliwerenga, n'kumwetulira. Sankafuna kunyoza, linangomusangalatsa.

"Dzina ya malonda iyi, bambo," anatero. "Nanga anagula chani agogo anu?"

Bambo anawongoka n'kukonza jekete.

"Mlongo wake," anayankha.