Nyimbo ya BanaMwila

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, ndipo m'nyumba mwathu ku Kalingalinga ndine ndekha ndinkadziwa kuwerenga. Ndinkadzimva nako kwambiri kuwerengako. Ndinkakhala ndi amayi anga aakulu, Anambewe, amene anakanditenga ku Katete mayi wondibala atamwalira. Iwo pakhomo pa sukulu sanapondepo, koma mzinda wonse wa Lusaka unkawamva pa wailesi Loweruka lililonse masana.

Amayi ankagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi a ku Kabulonga. Bwana wawo woyamba ankakonda kuliza nyimbo za jazi iwo akusita zovala, ndipo nyimbozo zinawalowa m'magazi. Dziko litalandira ufulu, azungu ambiri analongedza kubwerera kwawo, zolemera nkumazisiya. Anzawo a amayi ankapempha mapoto ndi makatani. Koma amayi ankapempha mbale za galamafoni. Akangomva kuti mzungu wina akusamuka, ankanyamuka wapansi kukagogoda kukhomo la kukhitchini, mpaka mbalezo zinadzaza mabokosi atatu a sopo, zoimikidwa chilili kuti zisapindike ndi kutentha.

Mayina a Chingelezi analibe nawo ntchito. Mbale iliyonse ankaizindikira ndi chithunzi cha pachikuto chake, ndipo anaipatsa dzina lawolawo. Panali Mvula ya Pamalata. Panali Mlamu Waledzera, ya malipenga okhaokha ndi ng'oma zothamanga. Panalinso Wotsala Yekha, mmene sakisifoni imodzi, mtundu wa lipenga, inkayenda pang'onopang'ono, piyano ikuitsata pambuyo ngati munthu woperekeza mnzake.

Tsiku lina BaChileshe, muulutsi wa pa wailesi, anabwera kudzatenga mipando kwa a Zulu, akalipentala oyandikana nafe. Anamva galamafoni yathu ya mabatire ikulira, nkuima pakhomo ola lathunthu amayi akuwafotokozera nyimbo iliyonse. Patangotha mwezi anawapatsa theka la ola pa pulogalamu yawo. Amayi ankasankha mbale zinayi, kuzikulunga m'chitenje, nkukalankhula za izo m'Chinyanja chathu chomwechi, BaChileshe akuika singano.

Ntchito yanga inali yowerengera amayi makalata a omvera, komanso kukopera BaChileshe mayina a Chingelezi papepala. Ndinkaichita bwino, ndipo ndinkadziwa kuti ndimaichita bwino. Chimene chinkandiwawa nchakuti dzina langa silinatchulidwepo pa wailesi. Nditapempha kuti ndipite nawo tsiku lina, amayi anangoti, "Kuja si kwa ana. Tsala uphike ndiwo." Ndinatsala, koma ndinasunga mkwiyo.

Sabata imeneyo kunabwera kalata yochokera ku Chawama. Mayi wina, BanaMwila, ankanena kuti amuna awo anamwalira mwezi wathawo atagwa panyumba imene ankafolera. Bamboyo ankakonda pulogalamu ya amayi, ndiye ankapempha nyimbo imodzi yofatsa yowakumbukira. Ndinawerenga ndine kalatayo, mawu onse. Amayi anasolola Wotsala Yekha nkuiika pamwamba pa zinzake.

Lachisanu iwo ali kuntchito, ndinatulutsa mbaleyo m'chikuto chake nkulowetsamo Mlamu Waledzera, iyo nkuiika m'chikuto cha Mlamu. Zonse ziwiri zinali ndi kapepala kakuda pakati, ndipo ndinkadziwa kuti BaChileshe anasiya kalekale kuyang'ana zimene amayi awapatsa. Sindinganame kuti sindinkadziwa zimene ndikuchita. Ndinasankha dala mbale imeneyo chifukwa ndi pamene manyazi akanakula. Za mayi wa ku Chawama sindinaganizeko nkomwe. Kwa ine anali dzina la papepala chabe.

Loweruka anthu anasonkhana monga mwa nthawi zonse pamalo a a Zulu, pamene wailesi inkakhala pabenchi pakati pa utuchi ndi fungo la guluu. Ine ndinakhala kutsogolo. Nyimbo ziwiri zinadutsa bwinobwino. Kenaka mawu a amayi anatsika.

"Amayi anzanga a ku Chawama, nkhope yanu sindiidziwa, koma kalata yanu yafika. Khalani pansi. Nyimbo iyi ndi ya bambo a Mwila."

Malipenga anaphulika ngati ukwati walowa m'nyumba ya maliro. Mnyamata wina anaseka, a Zulu nkumuyang'ana ndi diso loopsa. Ine ndinkayembekezera kusangalala, koma chisangalalocho sichinabwere.

"BaChileshe, chotsani singano," anatero amayi, mawu osanjenjemera ngakhale pang'ono. "Pepani BanaMwila. Mbale iyi yavala malaya a inzake. Yanu yatsala kunyumba, koma ine ndili nayo m'mutu."

Ndipo anayamba kuiimba ndi pakamwa potseka, mmene ankachitira akamasita. Anaitsata sakisifoni ija mokhota monse, mpaka pamene imaima ngati ikupuma. Palibe anakhudza nyundo kapena sowo mpaka anamaliza.

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Sanavule ngakhale nsapato. Anandiuza kuti ndibweretse chikuto cha Mlamu, anasolola mbale imene inali m'katimo, nkuiika pagalamafoni. Itangolira pang'ono anaichotsa.

"Esnati, wachita ndani?"

"Ndine."

"Chifukwa?"

"Ndimafuna mudziwe kuti popanda ine simungathe."

"Zimenezo ndinkazidziwa kale, mwanawe. Ndi chifukwa chake ndinkakukhulupirira." Anapukuta mbaleyo ndi kansalu kake. "Mawa tikatuluka m'tchalitchi tikupita ku Chawama. Galamafoni udzasenza ndiwe."

Ndikanakonda akanandikwapula. Tinakwera basi mpaka m'tauni, titadikira pamzere kuti achinyamata a chipani amalize kuyang'ana makhadi a umembala, kenaka tinayenda wapansi m'fumbi. Galamafoni inkandikanikiza pamutu, chogwirira chake chikundigunda khutu. Kalata inkangoti nyumba ili pafupi ndi msika, ndiye tinafunsa kwa ogulitsa makala, kwa wosoka nsapato, mpaka mtsikana wina wotunga madzi anatilozera kanyumba ka zidina ka chitseko chobiriwira.

BanaMwila anali mayi wamng'ono thupi, atavala zakuda, tsitsi lometa. Atamva mawu a amayi anawazindikira nthawi yomweyo, ndipo anatiyalira mphasa. Amayi atapereka moni ndi chipepeso anandikhudza paphewa. Ndinagwada nkunena zonse, osabisa kanthu.

Mayiyo anamvetsera mpaka ndinatha. Kenaka anati, "Ninaitana baneba bonse ba pafupi kuti bamvele nyimbo ya bashiMwila. Vija vinthu vitayamba kulila, bana banayamba kuvina. Ine ninangena mu nyumba, navala chitseko."

Ndiye kuti kuimba konse kwa amayi kuja, kumene kunatontholetsa anthu kwa a Zulu, mwini wake sanakumve. Zimenezi zinandipyoza kuposa china chilichonse.

"Ndiwe unabelenga kalata yanga?" anandifunsa.

"Ndine."

"Ine sinidziwa kulemba. Analemba ni uyu." Analoza kamtsikana ka msinkhu wanga kamene kanaima pakhomo, Mwila. "Nenze kukamba, iye alemba. Mwina anamvela nsoni na mau yanga, kaya. Koma sanachinje ngakhale imodzi."

Amayi anatsegula galamafoni nkundipatsa mbale, chinthu chimene anali asanandilolepo. Ndinaiika, ndipo singano inatera pamzere woyamba. Sakisifoni inatuluka m'kanyumba kaja, anthu oyandikana nawo nkumabwera mmodzimmodzi kudzaima pakhomo. BanaMwila anatseka maso, misozi ikutsika osaipukuta. Itatha anati, "Futi." Ndinaiikanso. Tinailiza mpaka mabatire anafooka, nyimbo nkuyamba kukoka miyendo.

Pobwerera amayi sanatchulenso nkhaniyo. Lolemba madzulo anandiponyera makalata atsopano pamiyendo monga kale, nkuti, "Werenga." Sanaitane mwana wa a Zulu, amenenso ankadziwa kuwerenga, kuti adzatsimikize. Ndinawerenga liwu ndi liwu, ngakhale kalata ina imene inkawanyoza kuti mzimayi wosaphunzira akufunanji pa wailesi. Anaseka, nkusankhira mwini kalatayo Mlamu Waledzera.

Pulogalamu ija inapitirira zaka zingapo, ndipo dzina langa silinamvekepo mpaka inatha. Nditakula ndinagwira ntchito yomasulira mawu m'khoti kufikira pamene ndinapuma. Tsiku ndi tsiku ndinkaima pakati pa woweruza ndi munthu wosadziwa Chingelezi, amene moyo wake unkadutsa pakamwa panga, iye osatha kudziwa ngati ndawonjezera kapena ndachotsa. Ena ankandipsetsa mtima, ena ndinkawamvera chisoni, ena ndinkaona poyera kuti akunama. Onsewo ndinawanenera zimene ananena, mmene anazinenera.

Tsopano ndimamvetsa kuti munthu akakupatsa maso ake kapena pakamwa pake kuti umugwirire, sanakukweze pamwamba pake ayi, wangokusungitsa. Ndimamvetsanso kuti mkwiyo umene walozetsa kwa munthu mmodzi sudziwa njira, umakagwera wina amene sunamuonepo nkhope. Ndalakwitsapo zambiri pa moyo wanga, koma ichi ndimachinena mosaopa aliyense: kuchokera tsiku lija ku Chawama, palibe munthu anandisungitsa mawu ake ine nkuwasintha.