Nthambi Zimene Bambo Anasadza

Wailesi ya aphunzitsi inali yofiira, yosweka pakona, ndipo anaimanga ndi mphira wa njinga kuti mabatire asamagwe. M'mawa mabatirewo ankawayanika padenga ngati makaka, ati dzuwa limawabwezera mphamvu. Kaya zinali zoona kaya ayi, koma masana aliwonse wailesiyo inkalankhula, ndipo ine ndi amayi tinkakhala pansi pakhonde la aphunzitsiwo n'kumamvera.

Tinkakhala m'chigwa china kupitirira Nthalire. Inali nyengo ija Okutobala akamapereka mpata kwa Novembala, pamene mitengo ya m'thengo imaphuka masamba ofiira ngakhale dontho lisanagwe. Nyenje zinkalira mpaka m'makutu kumachita kuwawa. Nthaka inkawotcha kumapazi, moti popita kusukulu tinkadumpha kuchoka pamthunzi uwu kukafika pamthunzi uwo. Masana dziko lonse linkaoneka ngati likuodzera, mapiri ali mbuu ndi utsi.

Kwathu mawere sitinkalima ngati chimanga. Nyengo yozizira amuna ankakwera m'mitengo n'kusadza nthambi, akazi n'kuzikokera pamalo amodzi kuti ziume. Mvula ikayandikira ankayatsa muluwo, ndipo m'phulusa lake ndi momwe tinkafesa mawere. Ulimi umenewu timautcha visoso. Ukayatsa msanga, mphepo imakubera phulusa. Ukachedwa, mvula imanyowetsa nthambi, moto n'kukana, ndiye kuti chaka chimenecho phala la mawere uzingolimva fungo kwa anzako.

Chaka chimenecho bambo anasadza nthambi zambiri kuposa kale lonse. Atatha anatsikira kunyanja, cha ku Karonga, kukagwira ntchito kwa eni makoka. Ndimakumbukira msana wawo akukwera chitunda, kathumba kali paphewa, ndi mawu amene anasiyira amayi: "Musayatse. Ndibwera ndidzayatse ndekha."

Ndiye chifukwa chake tinkapita kwa aphunzitsi. Iwo anali ochokera ku Ntcheu, munthu wamtali wokonda kuseka, amene Chitumbuka chawo chinkathera pa moni. "Mwatandala uli, mama?" ankatero, amayi n'kuyankha akuwomba m'manja. Chichewa cha pawailesi chinkawathamangira amayi, choncho ine, kamtsikana koyamba kumene kuwerenga, ndinali womasulira wawo.

Nkhani zikatha, bambo wina wa mawu ozizira ankanena zanyengo, ndipo nthawi zonse ankayambira kunyanja. "M'madera a m'mphepete mwa nyanja kukhala kotentha kwambiri, ndipo panyanja pawomba mphepo ya mpoto." Amayi ankandikodola ndi chigongono. "Ŵakuti vichi?" ankafunsa, kufuna kumva zomwe wanena. Ndikawauza ankagwedeza mutu pang'onopang'ono, maso ali kutali. Pofika pa za kumapiri ndi m'zigwa za kumtunda, kumene kunali ife ndi mulu wathu wa nthambi, iwo amakhala atayamba kale kukonza chitenje kuti anyamuke. Lero ndimaona kuti zinali zosemphana: mlimi kumvetsera nyengo ya asodzi, yake osailabadira. Nthawi imeneyo sindinkaona chachilendo.

Nyanja ndinali ndisanaione. Ndinkaganiza kuti ndi thambo limene linatopa n'kugona pansi. Bambo wa pawailesi uja ndinkakhulupirira kuti amakhala pamwamba penipeni pa Nyika, pamwala, miyendo ili lende, akuona dziko lonse mbali zonse. Akati mphepo ya mpoto, ndinkaona malaya a bambo anga atafufuma kumsana, iwo akuyenda pamchenga. Akati kutentha, ndinkawaona atakhala pansi pa mtengo wa mango akudzipepesa ndi chipewa. Ndinkamukwiyira pang'ono munthuyo kuti akuwaona bambo tsiku lililonse koma osatchulako dzina lawo ngakhale kamodzi.

Anzathu anayamba kuyatsa. Madzulo aliwonse utsi unkakwera paphiri ili, mawa paphiri ilo, dzuwa n'kumalowa lofiira ngati khala la moto. Tizidutswa ta masamba opsa tinkagwa pabwalo mwakachetechete, ine n'kumatiwakha m'manja. Mulu wathu wokha ndi umene unatsala. Abuluzi anausandutsa mudzi, ndipo ndikaponyamo mwala munkamveka tseketseke.

Tsiku lina kunabwera amalume pa njinga, akuchokera kunyanjako kumene anakagulitsa nyemba. Anandipatsa usipa wokulunga m'pepala n'kundiuza kuti ndikasewere. Anayankhula ndi amayi kuseri kwa nkhokwe nthawi yaitali, motsitsa mawu. Potuluka amalume anali atakwiya, amayi ayi. Ndinangomva mawu awo omaliza kwa mlongo wawoyo akukankha njinga: "Mdumbu wane, mvula sidikira munthu. Ndipatse moto ndikayatse ine." Amayi anakana. Mawa lake tinapitanso kwa aphunzitsi, ndipo anandikodolanso monga mwa masiku onse.

Kenako kunawaza kamvula. Sikanachedwe, kanangozimitsa fumbi n'kusiya fungo lija la dothi limene mpaka pano likandipeza m'tauni ndimaima pamsewu ngati wosokonekera. Aphunzitsi anati kwawo kamvula kameneka amakatcha chizimalupsa. Amayi anathamangira kumunda opanda mpango kumutu, n'kumalowetsa dzanja mkati mwa mulu, kuthyola tinthambi n'kumamvetsera kulira kwake. Tinali tikuthyokabe kuti thyo. Anapumira m'mwamba, koma sanayatse. Ndikaganiza za tsiku limeneli ndimawamvera chisoni, komanso ndimafuna kuwagwira mapewa n'kuwagwedeza.

Masiku otsatira mitambo inayamba kuunjikana kumadzulo, yoyera pamwamba, kunsi kuli bii. Anamzeze ankauluka motsika. Mphepo inaleka, ndipo ngakhale nkhuku zinkangoyasama pansi pa nkhokwe.

Masana ena munthu wa pawailesi ananena za kunyanja monga mwa nthawi zonse, koma chigongono cha amayi sichinandikhudze. Anakhalabe pansi mpaka anafika pa ife. "M'zigwa za kumtunda, makamaka kumpoto, kugwa mvula yamphamvu ya mabingu kuyambira mawa." Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire, koma anandigwira bondo. Anali atamva okha. Aphunzitsi anazimitsa wailesi, ndipo kwa nthawi yoyamba sanaseke. Anangoti, "Pepani, mama."

Dzuwa litapendeka amayi anatenga chikuni cha moto kukhitchini. Ndinawatsatira. Pamphambano pamene njira ya kumunda imasiyana ndi yokwera chitunda anaima, chikuni chikufuka m'manja, akuyang'ana kumene bambo analowera. M'njiramo munali mbuzi zokha. Anaima mpaka motowo unatsala pang'ono kuzima, ndipo anachita kuuuzira.

Muluwo unayaka ngati unkadikira kalekale. Moto unalilima, nthethe zinakwera kupitirira mitengo, abuluzi n'kumabalalika kudutsa pamapazi anga. Ine ndinavina. Ndinalumpha, kukuwa, kuthamanga mozungulira, poganiza kuti moto waukulu chonchi munthu wa pa Nyika uja sangalephere kuuona, ndipo akawauza bambo. Amayi anakhala pachitsa, manja ali pamiyendo, mpaka nthambi yomaliza imene bambo anasadza inagwera m'phulusa.

Mvula inagwa mawa lake monga ananenera munthu wa pawailesi uja. Mawere a chaka chimenecho anacha bwino kwambiri, anthu ankachita kuima m'njira kuwayang'ana. Bambo sanabwere kudzawaona. Ndinadzamva nditakula kuti anali atakwatira kunyanjako, ndipo kuti zimenezi ndi zomwe amalume ananena kuseri kwa nkhokwe. Amayi ankadziwa masiku onse aja. Koma nthambi zikanali pamulu, mawu a bambo anali akanali mawu, ndipo iwo anali akanali mkazi wodikira mwamuna wake.

Kwa aphunzitsi sitinaleke kupita, chifukwa mlimi amafunabe kudziwa za mvula. Chimene chinasintha n'chakuti amayi anayamba kuchedwa. Ankatsuka mbale imene yatsukidwa kale, kumanga mpango n'kuumasulanso, ndipo m'njira ankayenda ngati akuponda minga. Tikamafika pakhonde, munthu wa pawailesi amakhala atadutsa kale kunyanja, ali m'zigwa. Ine ndinkawakoka dzanja ndikulira kuti, "Amama, fulumirani, za kunyanja zitipita!" Iwo ankangoti, "Tiye, mwana wanga, tifika." Ndinkaganiza kuti miyendo ikuwawawa chifukwa cha ntchito ya kumunda, moti madzulo ndinkawatenthetsera madzi kuti athowe.